“Akuti” Ndani? Kuphunzitsa Ophunzira Athu Kupima Nkhani

Mwana amene timamphunzitsa ku sekondale, kapena m'makalasi omaliza a ku pulayimale, amamva nkhani zambiri pa tsiku kuposa zimene ife aphunzitsi ake timamuuza. Zina amazimva pa wayilesi, zina ku chigayo, pa mjigo ndi m'minibasi, zina amaziona madzulo pa foni ya mkulu wake. Zonsezi zimamfika mofanana, popanda chizindikiro chosiyanitsa yoona ndi yabodza. Ife tidazoloŵera kuphunzitsa mwana kuŵerenga ndi kumvetsa zimene waŵerengazo, ndipo akayankha bwino mafunso asanu olembedwa pansi pa nkhani timati wakhoza. Komatu pali luso lina limene mafunso otereŵa salikhudza, ndilo luso lopima nkhani: kufunsa kumene yachokera, njira imene yadzera, ndiponso kulemera kwa umboni umene yasenza. Tifuna kufotokoza m'mene mphunzitsi angaphunzitsire lusoli ndi zipangizo zimene ali nazo kale, ndipo tidzatsamira pa zimene zidachitika m'boma la Mulanje, pakuti kumeneko kudaoneka poyera kuti nkhani yosapimidwa ikhoza kuphetsa munthu.

Chaka cha anamapopa

Mu Seputembala 2017 m'midzi ya ku Mulanje mudamveka mphekesera yakuti kwafika anthu opopa anzawo magazi usiku, amene adatchedwa anamapopa. Ankati amayenda ndi zipangizo zawo ndi mankhwala ofoola, naloŵa m'nyumba eni ake ali m'tulo. Ambiri ankanena kuti zimenezi zachokera ku Mozambique, ndipo n'chosadabwitsa kuti nkhaniyo idaloza kumeneko, popeza Mulanje ndi boma la m'malire: pa Muloza ndi pa msika wa Limbuli anthu a maiko aŵiriŵa amakumana tsiku ndi tsiku, ndipo tauni ya Milange ili pafupi kutsidya. Pasadapite milungu yambiri mphekesera ija idafika ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka mumzinda wa Blantyre. Anthu adaleka kugona m'nyumba zawo nayamba kugona panja m'magulu. Anyamata adatseka misewu namasecha galimoto, ndipo mlendo aliyense wonyamula chikwama adasanduka munthu wokayikitsa.

Anthu osachepera 9 adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya powaganizira kuti ndi anamapopa. Mmodzi mwa amene adaphedwa ku Blantyre adali munthu wodwala khunyu. Boma lidaika lamulo loletsa kuyenda usiku m'madera ena; mu Okutobala bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe; Pulezidenti Peter Mutharika adapita yekha kukayankhula ndi anthu ndi mafumu a kumeneko; apolisi adamanga anthu osachepera 140. Madokotala, kudzera m'bungwe lawo, adanena kuti palibe umboni wa zachipatala wosonyeza kuti wina wapopedwa magazi, nadandaula kuti anzawo akuvutitsidwa chifukwa chonyamula zida zoyezera odwala, ndi kuti maambulansi akugendedwa pa msewu.

Aka sikadali koyamba. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu osachepera 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, ndipo kudamveka kuti magazi awo akutumizidwa ku South Africa kukabweza ngongole ya boma. Imfa zimenezo zidali zoona. Za magazi zija zidali zowonjezera. Kumapeto kwa 2002, dziko lili pa njala, mphekesera idabuka ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu yakuti boma lagwirizana ndi mabungwe akunja kuti lizipereka magazi a anthu posinthana ndi chakudya. Mu Januwale 2003 a Eric Chiwaya, amene adali gavanala wa chipani cholamula cha UDF ku Blantyre, adagendedwa navulazidwa powaganizira kuti akusunga opopa magazi. Mu 2020 nkhani yomweyo idamvekanso m'maboma a kumpoto ndi ena a m'chigawo cha pakati. Ngakhale m'nthaŵi ya atsamunda, ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, anthu ankaopa banyama, ndipo Luise White adalemba buku lathunthu la nkhani zotere lotchedwa Speaking with Vampires, limene lidatuluka mu 2000.

Tatchula zaka zonsezi chifukwa mphunzitsi wachinyamata, wongochoka kumene ku koleji, amafulumira kunena kuti zonsezi ndi umbuli wa anthu a kumudzi. Yankho limenelo n'lophweka, koma silifotokoza chifukwa chake nkhani imodzimodzi imabwerera pa nyengo ya njala, ya umphaŵi ndi ya kusakhulupirira atsogoleri. Munthu amene amagwira ntchito dzuŵa lonse m'minda ya tiyi ya eni ake, kwawo malo olima ali ochepa, namaona galimoto zoyera zikudutsa osadziŵa chimene zadzera, akamva kuti ena akulemera ndi magazi ake, mawuwo amagwera pa nthaka yolimidwa kale. Ophunzira adzakuuzani kuti utsi sufuka popanda moto. Musatsutse mwambiwo. Avomereni kuti moto ulipo, kenaka afunseni ngati ukuyakadi pamene chala chikuloza.

Tisaiŵalenso kuti agogo a ana ameneŵa adakula m'nthaŵi imene m'dziko muno mudali wayilesi imodzi yokha, ya MBC, ndipo zolembedwa zonse zinkayamba zasefedwa ndi boma. Mu Meyi 1983 anthu adauzidwa kuti a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. M'manong'onong'o anthu ankati aphedwa, ndipo komiti yofufuza imene idakhazikitsidwa mu 1994 idapeza kuti adaphedwadi. Pamenepa mphekesera ndiyo idanena zoona. Tsono tikangouza ana kuti “khulupirirani za boma ndi za pa wayilesi, za kumudzi zisiyeni”, tidzakhala tikuwaphunzitsa chinthu chimene mbiri ya dziko lawo ikuchitsutsa. Chimene tiyenera kuwapatsa ndi muyeso umodzi woyesera nkhani iliyonse, ngakhale ichokere kwa nduna kapena kwa wogulitsa nthochi, ndipo muyesowo ndi umboni.

Phunziro loyamba lili m'chiyankhulo chathu

Sitifunika kudikira kuti lusoli lipatsidwe nthaŵi yakeyake pa ndandanda wa maphunziro, pakuti ndandandawo udadzaza kale. Malo ake alipo m'phunziro la Chicheŵa, pamene timaphunzitsa zoyankhula mwini ndi zoyankhula wina. Chiyankhulo chathu chili ndi kamawu kamodzi kamene kamanyamula pafupifupi mphekesera zonse za m'dziko muno, ndiko “akuti”. Lembani pa bolodi ziganizo izi:

Ndaona munthu atagwa pa msika.
Amayi andiuza kuti aona munthu atagwa pa msika.
Akuti pa msika pagwa munthu.
Akuti anthu akumagwa m'misika.

Funsani ophunzira kuti pa chiganizo chilichonse angapite kwa yani kuti akafunse zambiri. Pa choyamba adzati kwa woyankhulayo. Pa chachiŵiri adzati kwa amayi ake. Pa chachitatu adzayamba kuyang'anana, chifukwa mwininkhani wa mneni “akuti” sakudziŵika. Angakhale munthu mmodzi, angakhale mudzi wonse, angakhale palibe. Pa chachinayi adzaona okha kuti munthu mmodzi wasanduka anthu, msika umodzi wasanduka misika, ndipo chinthu chochitika kamodzi chasanduka chizoloŵezi chifukwa cha kaphatikizo kakang'ono “ma” m'kati mwa mneni. Palibe amene wanama mwadala m'ziganizo zinayizi, koma chachinayi chikhoza kutseketsa msika.

Tikhalitse pamenepa, pakuti ndi pamene pagona phunziro lonse. Mwana akazoloŵera kumva “akuti” ngati belu lomuuza kuti mwini wa mawuŵa wabisika, wapeza chida chimene adzayenda nacho moyo wake wonse, ndipo sichilira batire kapena bandulo. Muonetseni abale ake a “akuti”: “zikumveka kuti”, “anthu akunena”, “wina wake wa ku boma waulula”, “madokotala apeza”. Madokotala ati, a chipatala chiti, liti? Muonetseninso m'mene mneni wochitidwa amabisira wochita. Chiganizo chakuti “ana atatu atengedwa” sichinena amene wawatenga, choncho womvera amadzaza yekha mpatawo ndi munthu amene amamuopa kale. Atolankhani enieni nawonso amagwiritsa ntchito mawu otere, nthaŵi zina pofuna kuteteza amene wawatsina khutu, nthaŵi zina chifukwa cha ulesi, ndipo ophunzira ayenera kuloledwa kuwagwira nawonso.

Anyamata amene adaima pa misewu mu 2017 ankafunsa mlendo aliyense kuti ndiwe yani, kwanu n'kuti, mfumu yako ndani, m'chikwamamo muli chiyani. Mafunsowo adali abwino, koma adafunsidwa kwa wolakwika. Woyenera kuimitsidwa pa chipata adali nkhaniyo. Ife taona kuti ophunzira amagwira msanga fanizo limeneli: nkhani ndi mlendo wofika pakhomo, ndipo mwa mwambo wathu mlendo timamlonjera, timampatsa mpando, koma sitimpatsa chipinda tisadadziŵe kwawo. Apatseni ntchito ya kunyumba yakuti aliyense abwere ndi nkhani imodzi imene waimva m'sabatayo, ndipo ajambule mzere wa anthu amene yadzeramo, kuyambira pa iye mwini kubwerera m'mbuyo mpaka pamene angathe kufika. Mayina asalembe; alembe “mnzanga”, “azakhali ake a mnzanga”, “wina wa m'basi”. Mizere yambiri idzaduka pa munthu wachiŵiri kapena wachitatu. Yoŵerengeka idzafika kwa munthu amene adaona ndi maso, ndipo pamenepo pabuka funso lina lofunika koposa: kodi adaona chiyani kwenikweni? Mayi amene wadzuka m'maŵa ali wofooka, mutu ukuzungulira, akunena zoona za thupi lake. Kuti wapopedwa magazi ndi tanthauzo limene iye kapena anzake apereka pa kufookako. Kusiyanitsa chimene munthu waona ndi chimene waganiza kuti chachititsa ndi luso lovuta ngakhale kwa akuluakulu, choncho libwerezedwe kaŵirikaŵiri.

Seŵero lonong'onezana

Seŵero ili ambiri timalidziŵa, koma limaphunzitsa pokhapokha likachitidwa mosamala. Lembani nkhani yaifupi ya ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, yokhala ndi chiŵerengero, dzina la malo, nthaŵi, ndi mawu okayikira monga “mwina” kapena “sizidatsimikizike”. Tulutsani ophunzira asanu. Ŵerengerani kalasi nkhaniyo kamodzi, kenaka itanani woyamba kuti auzidwe ndi mmodzi wa m'kalasi, iyenso auze wachiŵiri, mpaka wachisanu. Otsala asaseke kapena kukonza. Ntchito yawo ndi kulemba chimene chagwa, chimene chakula ndi chimene chaloŵamo chatsopano pa munthu aliyense. Akatswiri aŵiri a ku America, Gordon Allport ndi Leo Postman, adachita zofananazi nalemba mu 1947 kuti nkhani ikamayenda imafupika, mfundo zochepa zotsalazo zimakulitsidwa, ndipo yonse imapindikira ku zimene anthu amayembekeza kale. M'kalasi mudzaona kuti mawu okayikira ndiwo amayamba kugwa. Ku Mulanje mungawonjeze chinthu china chimene ana amachidziŵa bwino: mmodzi auze mnzake m'Chilomwe kapena m'Chingerezi, winayo abwezere m'Chicheŵa. Nkhani zambiri za m'malire zimawoloka ziyankhulo ziŵiri kapena zitatu, Chipwitikizi chomwe, zisadafike kwa ife.

Nyuzipepala ndi wayilesi

Nyuzipepala yakale ndi chipangizo chophunzitsira chotsika mtengo, ndipo kukalamba kwake sikuchepetsa ntchito yake. Pezani The Nation ndi The Daily Times za tsiku limodzi, mudule nkhani imodzi imene onse aŵiri ailemba, muzipereke ku magulu. Ophunzira adule mzere pansi pa dzina lililonse la munthu amene wayankhula, aŵerenge kuti mbali zamveka zingati, aone ngati amene akunenedwayo adapatsidwa mpata woyankha, ndipo ayerekeze mutu wa nkhani ndi zimene zili m'kati. Kaŵirikaŵiri mutu umalonjeza zoposa zimene nkhani yanyamula, chifukwa ntchito yake ndi kugulitsa. Aphunzirenso kusiyanitsa nkhani, ndemanga ya mkonzi, kalata ya woŵerenga ndi chilengezo cholipiridwa, pakuti mwana wosauzidwa amaziyesa zonse “zolembedwa m'nyuzi”.

Kumene nyuzipepala sifika, wayilesi ilipo. Gulu lina limvetsere nkhani za madzulo pa MBC, lina pa Zodiak, lina pa wayilesi ya m'dera, ndipo m'maŵa ayerekeze kuti aliyense adayamba ndi nkhani iti, adasiya iti, adatchula ndani poyamba. Afunse kuti mwini wa wayilesi iliyonse ndani: boma, munthu wa malonda, mpingo kapena anthu a m'dera. Kudziŵa mwini sikutanthauza kuti wayilesiyo imanama. Kumangotiuza mbali imene ingakhale yosafuna kuiyang'ana. Pano mphunzitsi adzisunge, asaonetse chipani chake. Akasankha zitsanzo zonse kuchokera mbali imodzi, ana adzazindikira msanga ndipo phunziro lidzasanduka msonkhano.

Pulogalamu ya Nkhani za m'Maboma, imene MBC idatchuka nayo kwa zaka zambiri, ndi yabwino kukambirana. Nkhani zake zambiri zinkakhudza ufiti, chigololo ndi nkhanza za olemera, ndipo Harri Englund, m'buku lake la 2011 lonena za pulogalamuyi, adasonyeza kuti omvera ankaikonda chifukwa inkadzudzula amphamvu m'njira imene anthu wamba amaimva. Funsani ophunzira kuti womvera nkhani zotere amafuna chiyani, kudziŵa chimene chidachitika kapena kumva kuti choipa chadzudzulidwa. Nthano ya kalulu imaphunzitsa ngakhale kalulu sadayankhulepo. Vuto limadza pamene nthano yavala zovala za lipoti, nitchula mudzi weniweni ndi munthu weniweni.

Zithunzi ndi mawu a pa foni

Sukulu zambiri siziloleza ophunzira kubwera ndi foni, koma nkhani za pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok zimafika m'kalasi ndithu, zonyamulidwa m'mitu. Ana amakhulupirira chithunzi kuposa mawu, poganiza kuti chithunzi ndi maso. Bodza lofala kwambiri si chithunzi chopeka, koma chithunzi choona chopatsidwa malo ena ndi tsiku lina. Mwana wa kumudzi ali ndi nzeru zogwirira bodza lotere kuposa m'mene timaganizira. Akauzidwa kuti chithunzi chajambulidwa dzulo, mwezi uli Okutobala, koma kumbuyo kukuoneka chimanga chobiriŵira chofika m'chiuno m'munda wa kumtunda, adzadziŵa kuti nyengo sizikugwirizana. Mwana wa ku Chitakale kapena ku Likhubula amadziŵa maonekedwe a phiri lake, ndipo sangapusitsidwe ndi phiri la kwina. Aphunzitseni kuyang'ana zolembedwa pa zikwangwani, nambala za galimoto, yunifolomu ya apolisi ndi mamangidwe a nyumba. Mphunzitsi amene ali ndi foni ya intaneti angawaonetse m'mene amafufuzira chithunzi pa Google kuti aone kumene chidayamba kutuluka.

Masiku ano makompyuta amatha kupanga chithunzi cha chinthu chimene sichidachitike, ndiponso kutsanzira mawu a munthu wodziŵika. Zimenezi zikutanthauza kuti kuyang'anitsitsa chithunzi pachokha sikukwanira. Ofufuza a ku yunivesite ya Stanford, motsogozedwa ndi Sam Wineburg, adapeza kuti akatswiri otsimikiza nkhani satayira nthaŵi pa tsamba limene akulikayikira. Amalisiya nakaona zimene ena akunena za tsambalo. Kwathu kuno nzeru yomweyo ndi yakuti, ukamva pa foni kuti mlatho wa pa Ruo wakokoloka, usabwereze kumvetsera mawuwo kakhumi. Tsegula wayilesi, imbira munthu wokhala pafupi ndi mlathowo, funsa woyendetsa minibasi amene wangochokera kumeneko. Mawu ojambulidwa a munthu wosadzitchula dzina, olamula kuti “tumizani kwa onse msanga”, ndi “akuti” yemwe uja, wangokwera foni. Ophunzira akuluakulu adziŵenso kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zimene adatumiza pa foni, ndi kuti kuyambira Seputembala 2020 lamulo la Access to Information limapatsa nzika mphamvu yofunsa maofesi a boma zimene ikufuna kudziŵa.

Mphunzitsi wa sayansi ali ndi gawo lake

Nkhani ina imagwa yokha ikangoyesedwa ndi zimene tikudziŵa za thupi. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Popereka magazi ku chipatala amatenga pafupifupi mamililita 450, kudzera m'singano yaikulu yoloŵa mumtsempha, imene imasiya chizindikiro. Magazi akatuluka m'thupi amaundana m'mphindi zochepa ngati sadasakanizidwe ndi mankhwala oletsa kuundana, amene amakhala kale m'thumba lolandirira. Amasungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 6, kwa masabata ngati asanu, ndipo asadaperekedwe kwa wodwala amayezedwa gulu lake ndi matenda monga HIV, chindoko ndi matenda a chiŵindi. Ophunzira akamva izi afunsidwe okha ngati magazi angatengedwe mumdima, patali, munthu osadzuka, nakhalabe ndi ntchito. Akambiranenso zinthu zodziŵika zimene zimachepetsa magazi m'thupi ndi kufooketsa munthu: malungo, likodzo, njoka za m'mimba ndi kusoŵa zakudya zoyenera.

Nkhaniyi imakhudza sukulu mwachindunji. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene lidakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ophunzira a m'sukulu ndi m'makoleji, kotero kuti magazi amaperewera m'zipatala pa nthaŵi ya tchuthi. Galimoto ya bungweli ikafika pa sukulu, mwana wa Fomu 3 amaona ndi maso ake magazi akutengedwa nakwezedwa m'galimoto. Ngati palibe amene wamfotokozera kumene akupita, mphekesera idzamfotokozera. Ndi bwino kupempha antchitowo, kapena namwino wa chipatala cha pafupi, kuti ayime pamaso pa kalasi nayankhe mafunso onse, ngakhale ooneka opusa, ndi kuuza ana za mayi wotaya magazi pobereka ndi mwana wodwala malungo amene amapulumuka ndi magaziwo.

Kukayika kokha sikukwanira

Pali ngozi imene mphunzitsi wachangu amagweramo, ndiyo kutulutsa ana amene sakhulupirira chilichonse. Mwana amene amayankha nkhani iliyonse kuti “ndi bodza limenelo” sadaphunzire kupima. Wangosintha ulesi wina ndi wina. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kummwera kwa masiku angapo. Mulanje ndi Phalombe adali m'gulu la maboma amene adavutika koposa. Madzi, matope ndi miyala zidatsika m'mapiri n'kukwirira midzi, monga m'mene napolo adachitira ku Phalombe mu 1991. M'dziko lonse anthu oposa 600 adatsimikizika kuti afa, mazana ena adasoŵa, ndipo oposa theka la miliyoni adasiya nyumba zawo. Namondweyo asadafike, nthambi ya boma yoona za nyengo idachenjeza, ndipo chenjezolo lidamveka pa mawayilesi. Sitikunena kuti amene adafa adanyozera. Ambiri adalibe kothaŵira, ndipo madzi adafika pamene sadafikepo. Tikunena kuti chenjezo limenelo ndi chitsanzo cha nkhani yoyenera kukhulupiriridwa, ndipo ophunzira aiyike pambali pa ya anamapopa nayerekeze. Yoyamba idali ndi mwini wodziŵika dzina ndi ofesi, idatchula masiku ndi maboma, idamveka chimodzimodzi pa mawayilesi a eni osiyana, ndipo mwini wake akadachita manyazi ikadapanda kuchitika. Yachiŵiri idalibe mwini, inkasintha pa mudzi uliwonse, ndipo palibe chimene chikadaitsutsa, popeza wosapopedwa ankati wapulumuka ndipo wokana ankati ali nawo m'gulu.

Palinso funso la zimene nkhani ikutipempha kuchita. Chenjezo la mvula likakhala lolakwa, tataya usiku umodzi pogona ku sukulu kapena ku tchalitchi cha pamtunda. Mphekesera ya anamapopa ikakhala yolakwa, munthu wafa ndipo sabwerera. Choncho ophunzira aone kuti nkhani yotituma kuvulaza munthu imafuna umboni wolemera kuposa nkhani yotituma kudziteteza. Ana a zaka 14 amaimva mfundo imeneyi popanda vuto.

Kwa amene mukupita kukayesera kuphunzitsa

Mukatumizidwa ku sukulu za ku Mulanje, Phalombe kapena Thyolo, kumbukirani kuti za 2017 si mbiri yakutali kumeneko. Amene ali ku sekondale lero adali ana aang'ono pa nthaŵiyo, ndipo ena adagona panja ndi amayi awo. M'kalasi mwanu mungakhale mwana amene mbale wake adaphedwa, ndi wina amene mbale wake adamangidwa. Musayambe ndi nkhani imeneyi. Yambani ndi mphekesera zopepuka, za mpira, za mitengo ya katundu, za mayeso amene akuti aululika, mpaka ana atazoloŵera mafunso. Musadafike pa za anamapopa kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo iye akaona kuti n'koyenera adziŵitse komiti ya makolo ndi amfumu. Musatchule mudzi kapena banja. Mwana akanena kuti agogo ake adapopedwa, musamseke ndipo musalole anzake kumseka. Muuzeni kuti mukukhulupirira kuti agogowo adadwaladi ndi kuchita mantha, kenaka mubwerere ku funso la chimene adaona. Inunso ndinu mlendo m'deralo, ndipo mawu anu akafika kunyumba ali “akuti aphunzitsi atsopano aja anena kuti makolo athu ndi mbuli”, phunziro lathera pomwepo.

Poyesa ngati ana amva, musawafunse kuti nkhani iyi ndi yoona kapena yabodza, chifukwa theka la kalasi lidzakhoza mwa mwayi. Apatseni nkhani yaifupi imene sadaionepo, alembe zinthu zimene akudziŵa motsimikiza kuchokera m'nkhaniyo, zimene zangonenedwa popanda mwini, ndi munthu kapena ofesi imene angapiteko kukafunsa. Malikisi apite ku mafunso amene mwana wafunsa. Amene walemba kuti “sindingathe kuŵeruza mpaka nditamva kwa a chipatala” alandire malikisi onse, ngakhale mnzake wa pambali adalota yankho lolondola. Kalasi imene ili ndi khoma labwino ingathenso kuyamba nyuzi yakeyake ya papepala limodzi pa sabata, yonena za pa sukulu pomwepo, ndi lamulo limodzi lokha lakuti mkonzi, amene ndi wophunzira, abweze nkhani iliyonse imene ili ndi “akuti” mpaka mlembi atapeza mwini wa mawuwo.